Chifukwa Chake Bambo Anu Agona ku Bolton

Madalitso ndi Tadala, ana anga. Mwezi watha ndinabweza makiyi a ofesi, ndipo tsopano ndili ndi nthawi yambiri kuposa mmene ndinazolowerera. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, choncho musayembekezere mawu okometsera. Ndalemba m'Chichewa chifukwa Chingerezi changa ndi chongodzazira mafomu. Ana anu akadzafunsa mudzawamasulire. Za ubwana wanga ku Dedza munazimva kale mpaka kutopa nazo. Pano ndilemba za zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zimene ndinagwira ku bungwe lathu la zaumoyo wa anthu akuda, ndi za chinthu chimodzi chimene iwe Mada sunandifunsepo ndi pakamwa, koma ndimachiwona pankhope pako chaka chilichonse tikaima pamanda a bambo ako.

Bolton, chaka choyamba

Ntchito yanga yoyamba ku bungwe inali kusesa ndi kuphika tiyi. Nthawi imeneyo ndinkagwira keya masiku anayi pa sabata, kusambitsa ndi kudyetsa okalamba, ndipo Lachitatu ndinkapuma. Tsiku lina titatuluka m'tchalitchi, mayi wina wamtali anaima kutsogolo kwanga nkunena kuti, "AnaMbewe, ndamva kuti manja anu sakhala chete. Mubwere Lachitatu kuseri kwa holo." Ameneyo anali Sisitala Tembo, nesi wochokera ku Chipata, amene anagwira m'zipatala za kuno zaka zambiri. Ndiye anayambitsa bungwe. Ankati anatopa kuwona anthu akuda akufika kuchipatala matenda atakula kale, a shuga, a BP, amayi oyembekezera, ndipo akafika osadziwa kufotokoza bwino kapena osamvedwa msanga. Anapempha kachipinda kuseri kwa holo ya tchalitchi, nkuikamo tebulo, sikelo, makina awiri oyezera BP ndi ketulo. Bungwe lonse linali limenelo.

Lachitatu lililonse kunkabwera anthu a ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Congo, Nigeria, ena a ku Jamaica obadwira konkuno. Ambiri ankabwerera tiyi ndi kutentha kwa m'chipindamo. Kuyezetsa ankakana. Amene mapepala awo anali asanatuluke ankaopa cholembera kuposa singano. Ankaganiza kuti dzina likalembedwa pa fomu, mawa lake lipezeka pa tebulo la anthu owona zolowa ndi kutuluka. Sisitala akawafotokozera, ankangovomera ndi mutu nkutuluka. Koma pa ketulo ankalankhula nane momasuka, chifukwa ine ndinali mnzawo wovala epuloni, ndipo nanenso ndinadikirapo mapepala zaka zinayi. Ndinkangoti, "Tamalizani tiyiyo mupite akakumangeni kansalu pamkono. Ine anandimanga, ndikadali pano."

Sisitala anaziwona zimenezi. Patatha miyezi ingapo anandiitana nkundikhazika pampando wake. Ndinati, "Sisitala, ine sukulu ndilibe." Iwo anati, "Makina awa safuna digiri, amai. Afuna munthu amene anthu samuopa. Manambala ndikuphunzitsani, nkhope muli nayo kale." Anandiphunzitsa kumanga mkono, kudikira munthu apume kaye, kuwerenga nambala ya pamwamba ndi ya pansi, ndi kudziwa nthawi yoti munthu apite kwa dokotala sabata yomweyo kapena tsiku lomwelo. Anandiphunzitsanso chimene sindiyenera kuchita: kuuza munthu dzina la matenda kapena mankhwala. "Inu ndinu mlatho," ankatero, "musayese kukhala chipatala."

Bolton, chaka chachitatu

Chaka chimenechi tinalandira thandizo lathu loyamba lalikulu kuchokera ku bungwe lina lopereka ndalama, ndipo ndinasiya keya nkuyamba kulandira malipiro a masiku atatu pa sabata. Ndalama zikabwera zimabwera ndi mapepala ake. Panafunika komiti, akaunti ya ku banki, ndi msungichuma. Wapampando anakhala a Chirwa, mkulu wa mpingo wathu, munthu amene maliro alionse a Amalawi kuchokera ku Bolton mpaka ku Leeds ankayendetsa ndi iwo. Msungichuma anakhala a Gondwe, amene anabwera kuno kudzaphunzira nkupeza ntchito yowerengera ndalama ku Leeds. Ankabwera pa sitima kamodzi pa mwezi, osalandira kanthu.

A Gondwe ndi amene anandiphunzitsa za ndalama, ndipo anandiphunzitsa ndi maenvelopu, poti pa kompyuta ndinkangowona mizere. Anaika maenvelopu atatu pa tebulo. Pa ina analemba kuti amayi oyembekezera, pa ina shuga, ina anaisiya yosalemba. Anati, "Mayi, ndalama za bungwe zili mitundu iwiri. Zina zili ndi dzina, zina zilibe. Zopanda dzina ndi zimene timapeza tokha, pogulitsa mandasi kapena pa chopereka. Zimenezo komiti ikhoza kugulira shuga wa tiyi kapena kulipira magetsi. Koma za dzina si zathu. Tangosungira eni ake kuti tigwirire chimene anatituma. Mukatenga paundi imodzi mu envelopu ya shuga nkugulira matewera a mwana, ngakhale mwanayo ali maliseche, mwalakwa."

Ndinati, "Nanga mwanayo?"

Anati, "Mwanayo timusakire kwina. Kovuta ndi komweko."

Kuyambira pamenepo lisiti lililonse linkadutsa m'manja mwanga. Ndinkalemba kumbuyo kwake dzina la envelopu, nkuliika m'bokosi la nsapato la mwezi umenewo. Cheke chilichonse chinkafuna masiginecha awiri. Popeza a Gondwe ankakhala kutali, komiti inasankha anthu atatu osaina: Sisitala, a Chirwa ndi ine. Bambo anu atamva anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Amake Mada, inu amene munkasaina ndi chala ku msika wa feteleza, lero banki ikudikira dzanja lanu?" Sindinasainepo ndi chala, ankangondiputa. Koma usiku wa tsiku limenelo anandigulira cholembera chabwino.

Salford ndi Leeds, chaka chachinayi mpaka chachisanu ndi chitatu

Ntchito inakula. Tinayamba kupita ku Salford Loweruka, ndi ku Leeds kamodzi pa mwezi. Tinkaima m'maholo a matchalitchi ndi pakhomo pa masitolo ogulitsa ufa ndi nsomba zouma. Ndinkaperekezanso anthu kuchipatala, kukakhala pambali pawo ndi kuwakumbutsa zimene anaiwala kunena. Mayi wina wa ku Mangochi ankamva kupweteka m'mimba kwa chaka chathunthu, koma dokotala akamufunsa ankati ali bwino, chifukwa kwathu munthu wamkulu akakufunsa moni suyamba ndi madandaulo. Ndinachita kumuuza pakhomo kuti, "Kuno akati muli bwanji, si moni ayi. Nenani zonse." Ntchito yanga yambiri inali yotere.

Ndalama zinkabwera ngati mvula ya ku Nsanje, chaka china yambiri, chaka china osagwa. Opereka ndalama amakonda chinthu chatsopano. Ankapereka za makina, za mapepala osindikiza, za msonkhano, koma za lendi ndi magetsi ankati tipeze tokha. Panali nthawi imene mu akaunti munali mapaundi 6,000 a dzina, koma tinkagwira ntchito titavala majekete chifukwa ya gasi tinalibe. Chaka chachisanu ndi chimodzi thandizo lina linatha lina lisanabwere, ndipo ine ndi Sisitala tinakhala miyezi inayi osalandira. Ndinabwerera ku keya masiku awiri. Sisitala ankagula timizere toyezera shuga ndi penshoni yawo, nkumabisa malisiti kuti a Gondwe asakalipe.

M'zaka zomwezi linagwa bungwe lina la anzathu ku Leeds. Anali anthu abwino ndipo sanabe. Anangotenga ndalama za dzina nkulipira lendi, poganiza kuti adzabweza. Nthawi ya lipoti itakwana analibe chobweza. Opereka ndalama anatseka dzanja, ndipo sanatsekere iwo okha. Chaka chimenecho ifenso tinafunsidwa mafunso amene sitinkafunsidwa kale. Sisitala anati, "Mzungu akalakwitsa, walakwitsa yekha. Ife mmodzi akalakwitsa, tavala tonse." Anthu amene ankayezedwa kumeneko anasowa kopita. Ena tinawatola ife, ena sindidziwa.

Bolton, chaka chachisanu ndi chinayi, Seputembala mpaka Novembala

Bambo anu, a Lameki, ankagwira ntchito m'nyumba yosungira katundu, koma Loweruka ankatiyendetsa pa galimoto ya mpingo. Ankanyamula matebulo, kuika mipando, kenako nkubwerera m'galimoto kukamvera mpira pa wailesi. Zaka zonsezi sanalole kuti ndiwamange mkono ngakhale kamodzi. Ndikawauza ankati, "Ine ndabwera kudzayendetsa galimoto. Mukufuna mundipezere matenda amene ndilibe?" Ndikalimbikira ankati, "Munthu wodya bwino magazi ake ayenera kuthamanga. Mukufuna aziyenda ngati a kamba?" Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka.

Amuna ambiri anali otero. M'holo munkadzaza amayi, amuna ali panja manja m'matumba. Ndinauza Sisitala kuti amuna sangabwere kwa ife, koma kometa tsitsi amapita okha ndipo amakhala pansi osathawa. Sisitala ndi a Gondwe analemba maganizo amenewa m'Chingerezi chabwino, ndipo mu Seputembala tinalandira mapaundi 9,000, a dzina, oti tigule makina, tiphunzitse ometa tsitsi ku Bolton, Salford ndi Leeds, ndi kulipira maulendo. Ndinauza bambo anu kuti tsopano ndiwapeza pampando wa wometa, nsalu ili m'khosi. Anati, "Ndiyamba kumeta ndekha."

Mu Novembala, Lachiwiri m'mawa, anagwa kuntchito. Inali sitiroko. Anakhala m'chipatala masiku awiri osalankhula, Lachinayi masana anatisiya. Dokotala anandifunsa ngati ankadziwa kuti BP yawo inali yokwera. Ine amene ndinayeza anthu osawerengeka ndinayankha kuti sindikudziwa.

Bolton, sabata ya maliro

Mukukumbukira mmene nyumba inadzazira. Mipando tinatulutsa, amayi anakhala pansi m'chipinda chochezera mpaka pamasitepe, abambo anaima kukhitchini ndi kuseri atavala majasi. Aliyense ankadziwa kuti thupi lipita kumudzi. Sinali nkhani yokambirana. Kwathu mwamuna akamwalira si wa mkazi wake, ndi wa mbumba yake, ndipo amagona kumanda a kwa amayi ake. Inshuwalansi tinalibe. Tinkangoti tidzayamba mapepala akatuluka, atatuluka tinkati tidzayamba tikamaliza ngongole. A nyumba ya maliro anati kutumiza thupi, ndi bokosi lake, ndi mapepala, ndi tikiti ya woperekeza, ndi galimoto yochokera ku bwalo la ndege kukafika kumudzi, zonse zifuna pafupifupi mapaundi 7,000, ndipo zonse zilipidwe ndege isananyamuke. Chipepeso chinayenda masiku anayi m'mipingo ndi pa mafoni. Anthu anapereka ndi mtima wonse, ena ochokera pa shifiti atavala yunifomu. Zinakwana 3,200 nkuima pamenepo. Chaka chimenecho anthu athu anali atatumiza kale maliro awiri, ndipo matumba anali atauma.

Lolemba masana a Chirwa anandiitanira pamwamba pa masitepe, pomwe panalibe anthu. Sisitala anali ku Chipata kodwazika amayi awo, foni yawo sinkapezeka. A Chirwa anatulutsa envelopu m'jekete. Munali cheke cha bungwe cha mapaundi 3,800, cholembedwa dzina la nyumba ya maliro, iwo atasaina kale. Mzere wachiwiri unali wopanda kanthu.

Anati, "Mayi, si kuba uku, ndi kubwereka. Lipoti likufunika mu Meyi. Pofika Meyi tidzakhala titabweza, ine ndiyendetsa ndekha chopereka. A Lameki anatinyamulira matebulo zaka zingati osalandira ngakhale ya mafuta? Bungwe limeneli ndi lawonso."

Ndinati, "Ndalama zimene zili mu akaunti ndi za ometa tsitsi, abambo."

Anati, "Ometa tsitsi adikira. Maliro sadikira. M'buku tilemba kuti za maulendo."

Musawaweruze a Chirwa. Anali atanyamula mabokosi a anthu athu ambiri kupita nawo ku bwalo la ndege, ndipo kwa iwo Mmalawi kugona m'dothi la eni chinali chamanyazi kwa tonse amoyo. Ndinalandira cheke chija nkuchiika m'chikwama. Sindinakane pomwepo. Ndikufuna mudziwe zimenezi, chifukwa anthu ena amanena ngati ndinali mwala. Ndinachisunga masiku awiri, ndipo kawiri ndinatulutsa cholembera chimene bambo anu anandigulira chija.

Madzulo a tsiku lomwelo anaimba azakhali anu a Feliya, mlongo wa bambo anu, amene ndi wamkulu wa mbumba kumudzi. Anali atamva kale kuti njira yapezeka. Anati, "Alamu, tamva kuti kwangotsala dzanja lanu. Adzukulu akudikira mawu kuti ayambe kukumba. Malo awo alipo, pafupi ndi amayi."

Ndinati, "Alamu, ndalamazo si zanga."

Anati, "Nanga achimwene ndi anu? Munangobwereka, alamu. Chobwereka chimabwezedwa. Si mbuzi yosochera imeneyo yoti ikwiriridwe pomwe yafera."

Iwe Mada unali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, utangoyamba ntchito. Unandipeza kukhitchini nkunena kuti, "Amayi, sainani. Ndibweza ine, ndigwira mashifiti awiri." Unkanena zoona za mumtima mwako. Koma ine ndinali nditasunga mabokosi a malisiti zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinkadziwa malipiro ako ndi lendi yako. Ndinkadziwanso kuti malonjezo a pamaliro amafota pamodzi ndi maluwa. Si kuipa mtima kwa anthu. Pofika Febuluwale kumakhala kutagwa maliro ena, ndipo chopereka chimapita kumeneko.

Lachiwiri ndinaimbira a Gondwe. Anati, "Mayi, simunandiimbire kuti ndikuuzeni lamulo, mukulidziwa. Ndiponso inu simuyenera kusaina cheke cha maliro a amuna anu, ngakhale ndalamazo zikanakhala zopanda dzina. Mukasaina sindidzakudani. Koma mu lipoti ndidzalemba chimene chinachitika, sindidzalemba maulendo." Ndinawafunsa chimene chidzatsatire. Anati, "Mukukumbukira anzathu a ku Leeds."

Lachitatu m'mawa ndinatuluka m'nyumba anthu akumwa tiyi. Namfedwa satuluka pa siwa, ndipo amayi ena anandiyang'ana, koma ndinati ndikukatenga mapepala. Ndinayenda wapansi mpaka ku ofesi, ndinatsegula, ndinakhala pampando wanga. Pakhoma panali pepala limene ndinalemba ndekha, maina a ometa tsitsi asanu ndi awiri amene anavomera kuti tiike makina m'malo mwawo. Ndinawerenga mainawo. Sindinamve mawu ochokera kumwamba, sindinalote kanthu. Ndinangoganiza kuti ndalama zimenezi zinabwera chifukwa cha amuna ouma mutu ngati bambo anu, ndipo ndikazitenga nditumiza kumudzi munthu mmodzi womwalira, nkutseka chitseko pa amoyo amene akazi awo sanalirebe. Ndinaganizanso za azakhali anu ndi manda amene adzukulu ankadikira kukumba. Zonse ziwiri zinali zoona. Ndinatenga cholembera nkudula cheke chija mizere iwiri, monga a Gondwe anandiphunzitsira, kuti chisagwirenso ntchito.

Ndinapita kwa a Chirwa ndisanabwerere kunyumba, chifukwa sindinafune kuti amve kwa wina. Ndinagwada pakhomo pa chipinda chawo chochezera nkuwawonetsa cheke chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

Anati, "Mukudziwa chimene mwachita, mayi?"

Ndinati, "Ndikudziwa, abambo. Tiwaika konkuno."

Anati, "Anthu adzakunenani mpaka mudzafe."

Ndinati, "Adzanena. Koma ndikupemphani muyendetse mwambo ndinu."

Tsiku la maliro litafika, anayendetsa mwambowo, ndipo anayendetsa bwino.

Bolton, Disembala ndi miyezi yotsatira

Kuika maliro kuno kunafuna mapaundi 4,100. Kusiyana kwake kunali kwakuti a nyumba ya maliro analola kuti zotsala ndizilipira mwezi ndi mwezi, pamene ndege silola zimenezo. Tinawaika kumayambiriro kwa Disembala kukugwa mvula. Anthu anabwera, koma osati onse amene anali pa siwa. Jekete la bambo anu la ku tchalitchi, chipewa ndi Baibulo ndinapatsira munthu wina amene ankapita kumudzi pa Khirisimasi. Ndinamva kuti abale anasonkhana nkulira pa zinthu zimenezo. Azakhali anu anasiya kuyankha foni yanga. Patatha zaka zitatu anatumiza uthenga kudzera kwa Tadala kuti akufuna chithunzi cha chiliza. Ndinatumiza. Sanayankhe, ndipo mpaka lero sitinalankhulane.

Kunonso kunali mawu. Ena ankati anaMbewe akonda mabuku a azungu kuposa mwamuna wawo. Ena ankati ndinafuna kusunga ntchito yanga, ndipo pamenepo panali kachoonadi pang'ono, chifukwa bungwe likanagwa inenso ndikanagwa nalo, ndili wamasiye wa ngongole. Amayi ena a mpingo wathu anasiya kubwera Lachitatu. A Chirwa anatula pansi udindo wa wapampando. Sisitala atabwerako anamva zonse, sananene kuti ndachita bwino kapena ndalakwa. Anangonditumiza kunyumba masabata atatu, nkumabwera madzulo alionse kudzandiyeza BP ngati mwana.

Iwe Mada unakhala miyezi isanu ndi itatu osalowa m'nyumba mwanga. Sindikulemba izi kuti ndikuchititse manyazi. Unali ndi chifukwa.

Mu Januwale tinagula makina. Loweruka loyamba ku Salford ndinaima pakhomo pa wometa tsitsi ndi chikwama changa, galimoto itayendetsedwa ndi munthu wina, ndipo ndinalephera kulowa kwa kanthawi. Kenako ndinalowa. Amuna ankatsutsana za mpira, wometa wa ku Ghana nkunena kuti, "Amene timu yake yaluza ayambe ndiye, BP yake ili pamwamba kale." Anaseka, mmodzi anatambasula mkono. Ntchito imeneyi ikuyendabe, ndipo tsopano ometa amayeza okha. Sindikuuzani kuti inapulumutsa anthu angati chifukwa sindidziwa. Munthu amene sitiroko yamuphonya sabwera kudzanena.

Mu Meyi kunabwera mayi wowerengera mabuku athu, wotumidwa ndi opereka ndalama. Anatsegula mabokosi a nsapato limodzi limodzi. Anapeza cheke chodulidwa chija, chimene a Gondwe anachimata pa chitsa chake m'buku la macheke, poti cheke cholakwika sichitayidwa. Anafunsa kuti chinatani. Ndinati chinalembedwa molakwa. Analemba kachizindikiro nkupitiriza. Opereka ndalamawo anawonjezera thandizo zaka zina zitatu.

Chaka chotsatira, ndili kwa wometa wina ku Bolton, analowa a Chirwa. Anandiwona, anafuna kubwerera, koma wometa anali atawakokera kale mpando. Atameta anakhala pafupi ndi ine osandiyang'ana, nkupinda dzanja la malaya. Anati, "Yezani, mayi, koma musalembe." Inali yokwera. Ndinalemba, ndipo Lolemba ndinawaperekeza kwa dokotala. M'basi tinakambirana za mitengo ya zinthu. Za cheke sitinazitchulepo mpaka lero.

Bolton, chaka chino

Bungwe tsopano lili ndi ofesi yake ya zipinda zitatu, ndi antchito asanu ophunzira bwino. Malisiti amajambula ndi foni, mabokosi a nsapato anatha ntchito. Ndalama za lendi zikadali zovuta monga kale. Chinthu chimodzi chimene ndinalimbikira ndisanapume ndi thumba la maliro, lapadera, losakhudzana ndi akaunti ya bungwe, limene mabanja amaponyamo pang'ono mwezi uliwonse. Latumiza kale anthu kumudzi. Likanakhalapo nthawi ija, bambo anu akanapita, ndipo ine ndikanawaperekeza ndi mtima woyera.

Mada, sindikupempha kuti unene kuti ndinachita bwino. Masiku ena inenso sindidziwa. Ndangofuna udziwe kuti cheke chija ndinachisunga masiku awiri, ndipo dzanja langa linafuna kusaina.

Chotsala ndi ichi, ndipo muchimve nonse awiri. Tsiku limene ndinakasankha malo kumanda, munthu wa ku khonsolo anandifunsa ngati ndikufuna manda a munthu mmodzi kapena a awiri. Sindinamvetse. Anandifotokozera kuti kuno amatha kukumba mozama, kuti wina adzagone pamwamba pa mnzake. Kwathu zimenezi kulibe. Bambo anu akanagona kwa amayi awo, ine kwa amayi anga, midzi iwiri yotalikirana ulendo wa tsiku lathunthu wapansi. Sichinali chifukwa changa chodulira cheke, ndinazimva nditadula kale. Koma ndinati a awiri, ndipo ndinamaliza kulipira zaka zinayi zapitazo. Pepala lake lili m'chikwama chakuda pansi pa bedi, pamodzi ndi cholembera chija. Tsiku langa likadzafika musadzayendetse chipepeso cha ndege, ndipo a kwathu akadzaimba mudzawauze kuti ndinanena ndekha. Mudzandiike pomwepo. Bambo anu anandithawa ndi mkono wawo zaka zisanu ndi zinayi, pamenepo sadzathawanso.